Ndinalemba za imfa ya achimwene anga, tsopano cholembera chandikana

Wokonza Mafoni (Mangochi Boma):

Moni nonse. Nthawi yonseyi ndakhala ndikungowerenga zanu mwakachetechete, lero ndabwera ndi yanga. Ndi yaitali, mundipirire.

Ine ndimakonza mafoni m'kashopu kanga ka malata pafupi ndi msika wa pa boma, koma kwathu ndi kunyanja, mbali ya ku Makawa. Kulemba ndinayamba ndili Fomu 2, nthano zazifupi ndi ndakatulo, m'makope a hadikava amene mpaka pano ali m'katoni pansi pa bedi. Palibe chimene chinatulukapo m'buku. Zambiri ndimaika pa Facebook, zina ndimatumiza ku wailesi.

Achimwene anga aakulu anali siginala. Kwa inu amene simuli a kunyanja, siginala ndi uja amakhala yekha m'bwato usiku ndi nyali kukopa usipa kuti usonkhane, kenako n'kuuza anzake a m'maboti nthawi yoponya ukonde wa chilimira. Ntchito yake ndi ya mumdima, mwezi ukawala usipa subwera ku nyali. Chaka chathachi mu June mwera unawapeza ali pakati. Maboti anabwerera, bwato lawo linapezeka lopanda munthu. Thupi linaoneka patapita masiku, kutali ndi pamene anamira, ndipo tinaika tsiku lomwelo.

Arubaini, mwambo wa masiku 40 chimwalirireni munthu, itadutsa ndinayamba kulemba. Sindinachite kukonzekera. Ndinkatseka shopu, kudya, ana akagona n'kukhala pakhonde ndi tochi ya foni, udzudzu ukundidya miyendo, mpaka kumva azana ya m'bandakucha. Ndinalemba ngati ndine iwowo, usiku wawo womaliza, kuyambira pamene akukankha bwato pamchenga mpaka madzi kulowa. Miyezi imeneyo ndinali wamoyo kuposa nthawi ina iliyonse, ndipo zimenezo zokha zimandichititsa mantha ndikazikumbuka. Nditamaliza ndinasintha maina, ndinaiika pa Facebook m'zigawo, ndipo wailesi ina ya kuno inaiwerenga.

Anthu anaiyamikira. Chimene chikundidya chikuyambira pamenepo, chifukwa uthenga woyamikira ukalowa mtima umakoma, ndisaname. Munthu wina wa ku Lilongwe analemba kuti analira mu minibasi. Ine ndinamwetulira, ndinabwereza kuwerenga uthengawo, kenako ndinakumbuka kuti chamulizacho ndi maliro a kwathu.

China n'choopsa kuposa pamenepo. M'nkhanimo ndinawaveka achimwene chipewa chofiira cha ulusi. Iwo analibe chipewa chotero, ankavala kapusi yakale yosuluka ya timu ya mpira. Ndinaika chofiira chifukwa ndinkafuna chinthu choti chioneke chikuyandama m'mawa. Ndinawaimbitsanso nyimbo, ndipo ndinawapatsa mawu omaliza akutchula dzina la mwana wawo wamkazi. Palibe amene anamva mawu awo omaliza, anali okha. Koma lero ndikatsinzina kuti ndiwakumbuke, akubwera atavala chipewa chofiira chija. M'mene ankandiitanira, m'mene ankasekera, ndikuchita kufunafuna. Zimene ndinapeka zakhala pamwamba pa munthu weniweni.

Alamu anga anaimva pa wailesi ali pathandala ndi amayi anzawo, eda (nthawi imene mkazi wamasiye amabindikira) itatha atayambanso ganyu yoyanika usipa wa eni. Sanandiuze kanthu mpaka lero. Timapatsana moni, ndimatumiza ya sopo ndi ya ana pa Airtel Money, amayankha kuti zikomo, basi. Mayi atauzidwa ndi adzukulu anangondifunsa funso limodzi: “Iwe unali komweko?”

Kuyambira pamenepo sindinalembenso. Ndikatsegula kope dzanja limalemera. Ndayesa zina zosakhudzana, kankhani koseketsa ka anyamata a kabaza a pa mlatho wa Bakili Muluzi, koma kakungofera pa ndime yoyamba. Tulo nato tavuta. Masana ndimatha kuika foni ya kasitomala patebulo n'kumangoiyang'ana, osadziwa chimene ndimafuna kumasula.

Ndiye ndikufunsa inu amene mwalemba nthawi yaitali. Zimenezi zimachitikira aliyense amene walemba za akufa ake? Kudziimba mlandu kumeneku kumatha? Nanga munthu amabwerera bwanji ku kope? Musandiuze kuti ndipemphere, ndikupemphera kale.

Mphunzitsi Wopuma (Malindi):

Mwana wanga, pepa ndi maliro. Undilole ndikutche choncho, poti iwe ukunena za Fomu 2 ngati dzulo pamene ine ndinasiya choko imvi zitakuta kale mutu.

Ife amene tinayamba kulemba nthawi ya Kamuzu tinkadziwa kumene mantha athu akuchokera. Kunali Censorship Board yokhazikitsidwa ndi lamulo la 1968, kunali a Special Branch, kunali apayoniya. Jack Mapanje, mwana wa boma lathu lomwe lino, wobadwira m'mudzi wa Kadango mu 1944, buku lake loyamba la ndakatulo linatuluka ku London mu 1981. Pambuyo pake linachotsedwa m'masukulu ndi m'malo ogulitsira mabuku, ndipo mu September 1987 anamugwira ku Zomba n'kukamutsekera ku Mikuyu osamuzenga mlandu. Anatuluka mu May 1991. M'menemo pepala ndi cholembera sizinkaloledwa, ndakatulo ankazipeka m'mutu n'kumazibwereza kuti zisathawe.

Sindikukuuza zimenezi kuti uchite manyazi, ngati kuti iwe uli ndi kope koma ukudandaula. Ayi. Ndikufuna uone zaka. Ndakatulo za ku Mikuyu zinatuluka mu 1993, koma buku lofotokoza nkhani yonse ya m'ndendemo linatuluka mu 2011, patapita zaka 20 chitulukireni. Ameneyo ndi katswiri, mphunzitsi wa pa yunivesite. Iwe walemba bala lisanaume, wamaliza, wapereka kwa anthu, zonse chaka chisanathe, uku masana ukuwotcherera mafoni a anthu. Ndiye ukudabwa kuti dzanja lalemera? Ine ndikanadabwa likanapanda kulemera. Miyezi ingapo osalemba si imfa ya mlembi. Ine ndinakhalapo chete nthawi yaitali kuposa pamenepo, ana akulipiridwa sukulu, ndipo palibe amene anazindikira kupatula ine ndemwe.

Za chipewa chofiira zandikhudza. Mayi a kunyumba kwanga anatisiya kalekale, ndipo ndinawalembera ndakatulo zambiri. Lero ana anga akamakamba za mayi awo amatchula zinthu zimene ndikudziwa bwinobwino kuti anazitenga m'ndakatulo zanga, sizinachitike m'nyumba mwathu. Wamng'ono amalumbira kuti amakumbuka mayi ake akuthirira maluwa pakhomo. Maluwawo ndinadzala ndine, papepala. Poyamba zinkandiwawa kwambiri. Koma pita pa maliro alionse, umve mbiri ya malemu ikuwerengedwa, umve anthu akukamba kusiwa usiku. Aliyense akumuveka malemuyo chipewa chake. Chako chasiyana pakuti chinalembedwa, n'chifukwa chake chikulimba kuposa cha anzako.

Chimene chinandithandiza ndikuuza, ukachione wekha. Gula kope lina, lotsika mtengo lija la ana a pulayimale. M'menemo uzilemba zoona zokhazokha, zopanda kukoma: nsomba imene ankaikonda, m'mene ankakhosomolera, amene ankayambana naye, tsiku limene anakumenya, nambala ya nsapato yake. Chiganizo chikayamba kukongola uchidule. Upite kwa alovi amene ankagwira naye ntchito, akuuze zawo, ulembe m'mene anenera. Kope limenelo si la Facebook, si la wailesi, ndi la iwe ndi ana ake akadzakula.

Ndiponso ukusowa anthu oima pakati pa iwe ndi dziko. Ku Chancellor College kunali Writers Group, inayamba cha m'ma 1970 koleji ikadali ku Blantyre isanasamukire ku Zomba mu 1973. Ankakumana sabata ndi sabata, munthu n'kuwerenga chimene walemba, anzake n'kuchikhadzula iye ali pomwepo. Ine sindinaphunzire kumeneko, ndinapita ku koleji ya aphunzitsi, koma tinatengera zomwezo ndi anzanga pasukulu imene ndinkaphunzitsa. Nkhani inkadutsa kaye m'makutu a anthu ochepa okudziwa, amene akanatha kukufunsa kuti, kodi mayi ako aimva imeneyi? Inu a masiku ano mumachoka pakhonde panu n'kufika kwa anthu masauzande usiku umodzi, muli nokhanokha.

Mayi wa Pathandala (Msaka):

Achimwene, pepani. Koma ine ndiyankhula ngati mkazi wa msodzi, ndipo mwina simukondwera.

Mwalemba zambiri za mtima wanu, za tulo tanu, za cholembera chanu. Alamu anu mwawapatsa mizere ingati? Inu mukudziwa m'mene pathandala pamakhalira. Wailesi yapachikidwa pamtengo, amayi ali mbali zonse, ndipo aliyense wadziwa kuti nkhaniyo ndi ya ndani ngakhale mwasintha maina. Mwamuna wake akufa kachiwiri pa wailesi, iye manja ali mu usipa wa eni. Kuchoka sangachoke poti ndi ganyu. Kulira sangalire poti anthu akumuyang'ana cham'mbali kuti aone ngati alire. Ndiye kumapeto mwamupatsa mwamunayo mawu omaliza akutchula mwana. Mkazi aliyense angadzifunse kuti nanga ine sananditchule bwanji? Mukuti munapeka. Iye akudziwa kuti munapeka, koma mtima sumva zimenezo.

Ine ndimapeka nyimbo za kwaya ya amayi, sindidzitcha mlembi. Koma nyimbo ya maliro a munthu amene tikumudziwa sindiiphunzitsa kwaya ndisanakamuimbire namfedwa kuseri kwa nyumba, tili awiri. Ena amati chotsani mzere uwu. Mayi wina anandikaniza yonse, ndipo inali yabwino kuposa zonse zimene ndinapekapo. Mpaka lero imandiwawa, ndimaing'ung'udza ndekha ndikamakazinga nsomba. Koma malirowo anali ake.

Airtel Money siyankhula, achimwene. Kwerani galimoto mupite, mukakhale pamkeka, kope mulisiye. Ngati kwanuko mumayankhula Chiyao, mukayankhule Chiyao, osati Chichewa cha pa wailesi chija. Mwina akakukalipirani, mwina akakuuzani kuti nkhaniyo amaikonda koma amasowa poyambira. Simungadziwe muli pa boma. Cholembera chanu ine sindikuchidera nkhawa.

Wokonza Mafoni (Mangochi Boma):

Mayi, ndamva, ndipo mawu anu andilasa. Koma pang'ono pokha ndikane. Malirowo ndi ake, inde, koma ndi anganso. Iye anakhala nawo zaka za banja, ine ndinagona nawo mphasa imodzi kuyambira ndili mwana, ndi iwo amene anandiphunzitsa kupalasa bwato. Pa maliro ife amuna timauzidwa kulimba mtima, kuthamangira sanda, kukumba, kulandira alendo. Polirira panga panali pakope paja. Ndikanati ndidikire chilolezo cha aliyense, amalume, azakhali, ashehe, sindikanalemba ngakhale mzere umodzi.

Zakuti iye sanatchulidwe m'mawu omaliza, zimenezo ndiye zandikhazika chete.

Mayi wa Pathandala (Msaka):

Kulemba m'kope mwanu simunafunike chilolezo cha munthu. Ine ndikunena za wailesi.

Namwino wa Usiku (Namwera):

Achimwene, pepani ndi zovutazi. Ine ndine namwino, ndimalembako ndakatulo usiku odwala akagona. Za luso ndisiyire akuluakulu, ine ndigwire za tulo ndi za foni imene mukuiyang'ana osadziwa chomasula.

Ndiyambe ndi chipewa kuti mtima ukhale pansi: mutu wanu sunasokonekere. Nthawi iliyonse tikakumbuka chinthu, ubongo umachimanganso, ndipo zimene tamva, taganiza kapena tabwereza pambuyo pake zimalowerera m'menemo. Akatswiri a za maganizo anaziona kalekale, n'chifukwa chake ngakhale mboni yoona mtima imatha kulumbira pa chinthu chimene sichinachitike. Inu chipewa chofiiracho munachibwereza usiku ndi usiku, kuchikonza, kuchiwerenga mokweza, ndiye n'chimene chili pafupi. Zina zenizeni zimadzuka ndi fungo, ndi malo, kapena munthu wina akayamba kukamba zake. Kope lachiwiri limene anena aphunzitsi ndikugwirizana nalo pa chifukwa chimenechi.

Anthu amakonda kunena kuti kulemba kumachiza. Amene amatero kawirikawiri amatchula kafukufuku wa James Pennebaker wa ku America. Mu 1986 iye ndi mnzake anatulutsa zotsatira za ophunzira a pa yunivesite amene ankalemba za zinthu zowawa zimene zinawachitikira, mphindi 15 pa tsiku kwa masiku anayi otsatizana. M'miyezi yotsatira, amene analemba zimene zinachitika pamodzi ndi zakukhosi kwawo ankapita kuchipatala mocheperapo poyerekeza ndi amene analemba zinthu wamba. Koma pali mbali zimene anthu amadumpha. Atangomaliza kulemba, ophunzirawo ankamva kuwawa mtima kuposa asanayambe. Ndipo zolembazo sizinali zoti dziko liwerenge n'kuikapo ndemanga. Mphindi 15, achimwene, osati usiku wonse mpaka azana kwa miyezi.

Chisoni si matenda. Koma ngati kwa masabata awiri kapena kuposerapo, pafupifupi tsiku lililonse, zinthu zimene munkazikonda sizikukusangalatsani, tulo kulibe, chakudya sichikulowa, mutu sukugwira pa ntchito, ndipo mukudziona wolakwa pa chilichonse, pamenepo timayamba kuganizira matenda a kukhumudwa, ndipo amachizika. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, m'ndandanda wake watsopano wa matenda umene unayamba kugwira ntchito mu 2022, linaikamonso chisoni chokhalitsa, chimene chapitirira miyezi isanu ndi umodzi chikumulepheretsa munthu kugwira ntchito ndi kukhala bwino ndi anthu. Sindikunena kuti muli nacho, munthu sapimidwa pa intaneti. Ndikunena kuti chipatala chachikulu muli nacho pafupi pompo, pitani mukafunse namwino kapena dokotala woona za maganizo. Anthu ambiri amaopa kuti akangotchula za maganizo awakweza ambulansi ya ku Zomba Mental. Sizitero. Ambiri amacheza nawo, ena amawapatsa mankhwala, n'kubwerera kunyumba tsiku lomwelo.

Zolemba usiku musiye kaye. Thupi lanu laphunzira kuti pakhonde usiku ndi pamaliro. Ngati mufuna kuyesa kope la aphunzitsi lija, yesani masana mushopu, nthawi imene kulibe kasitomala, pang'ono pokha n'kutseka. Ndipo ngati tsiku lina maganizo ofuna kudzivulaza atabwera, musadikire kuti kuche. Dzutsani akazi anu nthawi yomweyo, muwauze.

Mlakatuli wa Kabaza (M'baluku):

Akulu, pepani kwambiri. Ine ndine mfana pa nkhanizi, koma ya kusangalala ija ndiyankhepo poti imeneyo ndiye ndikuidziwa.

Ndikaika ndakatulo pa Facebook ndimatha bandulo yonse ndikungoyang'ana kuti alayika angati. Kasitomala akundiimitsa pamsewu, ine maso ali pafoni. Ikapanda kuyenda ndimachita ngati ndadwala. Ikayenda ndimasangalala mpaka madzulo basi, mawa lake mumtima muli zii, ndikufunanso ina. Mnzanga wina wa ku Balaka akaitanidwa kukalakatula pa ukwati wa anthu a ndalama ndimamulembera kuti zabwino zonse aise, m'kati ndikupsa. Ndiye njala yofuna kuyamikiridwa tonse tili nayo, ngakhale ife olemba za chikondi chabodza. Ine ndikuona kuti inu simunasangalale ndi imfa ya achimwene anu, munasangalala ndi ntchito imene munaigwira bwino. Kalipentala akapala bokosi la maliro losalala amanyadira, ndipo palibe amene amamunena kuti wakondwera ndi imfa. Ndikudziwa kuti kwanuko simugwiritsa ntchito bokosi, koma mwandimva.

Chinanso n'chakuti ife tilibe chogwirika. Ndinkafuna kusindikiza kabuku kanga, koma kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 mtengo wa mapepala unakwera mpaka ndinangobweza fulashi m'thumba. Kunyumba amandifunsa kuti ndakatulozo zimagula ufa? Ndiye ndemanga za anthu ndiwo malipiro okhawo amene timalandira, n'chifukwa chake timazikakamira chonchi.

Aphunzitsi, za Writers Group zija, bwanji tiyambe yathu kuno? Malo alipo, ngakhale pamthunzi m'mbali mwa Shire pafupi ndi miyuziyamu paja. Inuyo mukatsika galimoto ya ku Malindi ndidzakutengani pakabaza ulere.

Mphunzitsi Wopuma (Malindi):

Pakabaza ndikwera, koma upalase ngati wanyamula mazira. Gulu ndavomera, pokhapokha tikhale ochepa, mafoni akhale m'thumba, ndipo kuomba m'manja kusakhaleko. Manja mumawapeza kale pa Facebook. Tikakhazikika tingathe kulumikizana ndi Malawi Writers Union, ilipo kuyambira 1995, koma tiyambe taona kaye ngati tingakumane miyezi itatu osayambana.

Ndi amayi a ku Msaka ndikugwirizana nawo theka. Mlembi aliyense akamapempha chilolezo kwa abale, tidzangokhala ndi mabuku otamanda anthu, ndipo amenewo tinawawerenga okwanira nthawi ija. Pali nkhani zimene banja silingavomere mpaka kalekale, chikhalirecho n'zofunika kunenedwa. Koma kupempha chilolezo ndi kudziwitsa ndi zinthu ziwiri. Kwathu kuno uthenga wa maliro mwini wake saumvera pamsewu, timatuma munthu kukagogoda pakhomo. Mlamu wakoyo akanatha kukana ndipo iwe ukanatha kupitiriza, koma tsiku la wailesi akanasankha yekha kukhala pathandala kapena m'nyumba.

Wokonza Mafoni (Mangochi Boma):

Ndabweranso. Lachisanu titatuluka ku mzikiti ndinatseka shopu n'kukwera ya ku Makawa. Kope ndinalisiya monga munanenera, mayi.

Alamu anandilandira bwino, anaphika, tinadya, tinakamba za sukulu ya ana ndi za denga limene likudontha. Nkhani ndinaiyamba ndine, dzuwa litapendeka. Ndinawafunsa za mawu omaliza aja, ngati anawapweteka. Anaseka pang'ono n'kunena kuti mwamuna wawo ankamudziwa, akanatchula mwana ndithu, pamenepo sindinaname. Za nyimbo anati achimwene sankatha kuimba ngakhale pang'ono, ndipo amayi a pathandala anaseka pamenepo, chimene ine sindinkayembekezera pa nkhani ya maliro.

Chimene chinawakwiyitsa ndi china, ndipo palibe mmodzi wa ife amene anachiganizira. Anati m'nkhani yanga wakupha ndi nyanja. Mwera ukungobwera mwadzidzidzi, munthu akulimbana ndi mafunde, zonse zokongola. Koma tsiku limenelo a zanyengo anali atachenjeza kale pa wailesi kuti kubwera mwera, ndipo achimwene anamva. Sankafuna kupita. Anapita chifukwa anali ndi ngongole kwa mwini chilimira, ndalama imene anatenga ya malata, ndipo masiku amenewo usipa unali utavuta. Inu a kunyanja mukudziwa m'mene zimakhalira: akagulitsa nsomba amachotsa kaye za mafuta ndi zina, mwini zida atenga gawo lake, chotsala n'chimene alovi amagawana, ndipo usiku wopanda nsomba ngongole siitsika. Munthu wa ngongole savuta kumutuma. Alamu anati anakangana nawo pakhomo madzulo amenewo, ndipo mawu omaliza amene iwo anamva sanali okoma.

Kenako anandiuza kuti mwini chilimira uja nkhani yanga anaikonda kwambiri, mpaka ankauza anthu padoko kuti aimvere ikamabwerezedwa.

Za ngongoleyo ine sindinkadziwa, achimwene sankandiuza zoterezi poti ndine wamng'ono. Ndabwerako nditakwiya, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambireni vutoli ndikufuna kulemba. M'galimoto pobwerera ziganizo zimangobwera zokha. Koma alamu ganyu yawo akuigwira pathandala la munthu yemweyo, ndipo mwana wawo wamkulu wayamba kale kupita padoko kukathandiza kukoka maboti ake. Ndikalemba, pamudzi paja aliyense adziwa, ngakhale nditasintha maina onse ndi kusamutsira nkhaniyo ku Malombe. Ndikapanda kulemba, ija ya chipewa chofiira ndiyo itsale ngati mbiri ya achimwene.

Kope la pulayimale ndagula. Tsamba loyamba ndalemba za ngongoleyo, m'mene alamu ananenera.

Mayi wa Pathandala (Msaka):

Mwachita bwino kupita. Zimene anena alamu anuzo si za kwanu kokha, kuno ku Msaka ndi ku Malembo amayi angakuuzeni zomwezo mpaka kope kudzaza. Lembani, koma musatulutse pamene ana a achimwene anu akudya kuchokera m'dzanja la munthuyo. Inu ndi mkwiyo wanu muli ku Mangochi Boma, iwo munthuyo ali naye pafupi. Ndipo ikadzakhala nkhani ya asodzi ambiri, ya madoko osiyanasiyana, palibe amene adzaloze nyumba imodzi. Mukafuna amayi oti mucheze nawo mundiuze, koma mubwere nthawi ya mwezi, mumdima tilibe mpata wokhala pansi.

Mphunzitsi Wopuma (Malindi):

Mkwiyo umalemba msanga koma suwerenga bwino. Ubwere nayo ku gulu tiyambe taimva ife, ndipo ukonzeke kumva kuti mwini chilimirayo nayenso umupatse pakamwa, chifukwa naye mwina ali ndi ngongole ya injini kwinakwake.

Namwino wa Usiku (Namwera):

Ya ngongoleyo ndaimva, ndi yowawa. Koma langa simunayankhe, achimwene. Kuchipatala munapita? Nanga tulo?

Wokonza Mafoni (Mangochi Boma):

Sindinapite, asisi, ndipo tulo sitinasinthe. Ndipita Lolemba m'mawa ndisanatsegule shopu, mayi a kunyumba anena kuti andiperekeza kuti ndisakhotere kumsika. Aphunzitsi, Loweruka loyamba la mwezi kwa ine kuli bwino, koma likhale masana, m'mawa ndimakhala ndi makasitomala ochokera kumidzi. Mfana wa kabaza, ubweretse ndakatulo imodzi yokha, osati fulashi yonse.